Munataya Angati?

1

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mayi wina wogulitsa matumba opanda kanthu pa siteji ya basi. Chodabwitsa n'chakuti nkhaniyo inali yanga yomwe, koma mbali yake ina ndinali ndisanaimvepo.

Ine ndine munthu wosakhazikika. Ndakhalapo kondakitala, mlonda, wokonza masikelo m'misika, wopenta zikwangwani za masitolo. Sukulu ndinalekezera panjira, koma cholembera ndimachigwira, ndipo m'thumba la malaya anga simusowa kope lolembamo nkhani za anthu amene ndakumana nawo. Tsikulo basi inachedwa, ndiye ndinakhala pa benchi pafupi ndi mayiyo. Tsidya la msewu kunali chinyumba cha malata chokhala ndi zitseko zachitsulo zoti lole n'kulowa osawerama. Pakhomo pake udzu unali wofika m'mawondo.

"Chinyumba chija n'cha chiyani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

"Ija ndi hotela ya nkhunda, achikulire. Anati ndi nkhokwe ya alimi. Chimangireni sinalowemo ngakhale nyemba imodzi."

Munthu wina anaima n'kuyamba kupatsa matumba mtengo wachipongwe. Mayiyo anakangana naye pang'ono, kenako n'kumukankhira mulu wonse. "Tengani, tengani. Lero ndikungotaya ine." Atapita munthuyo, anatembenukiranso kwa ine.

"Kunali mayi wina wophunzira kwambiri, wa ku yunivesite. Analemba kuti ife alimi, pa matumba khumi alionse, anayi timadyetsa anankafumbwe. Akuluakulu atamva, basi kumanga zimenezi ponseponse. Nanga ife tisungemo chiyani? Tikamenya nyemba lero, mawa wavenda ali pakhomo ndi sikelo yake. Nankafumbwe amafika mochedwa kwathu, amapeza tasesa kale. Mayi uja anamuchotsa ntchito, zinamveka pa wailesi. Koma ine ndikudziwa kanthu kena kamene a wailesi sanakadziwe."

Kanthuko ndikuuzani. Koma ndiyambe ndaulula ichi: mayi wophunzirayo ndi mwana wanga.

2

Ali wamng'ono ndinkamutchula kuti Mafunso, chifukwa sankalola chinthu kudutsa asanachifunse. Bwanji sikelo ili ndi lilime koma siyankhula? Bwanji mchere sutha m'nyanja? Ndinachoka pakhomo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinati ndikukakonza sikelo mtunda wa tsiku limodzi, ndinabwerako patapita zaka zinayi. Amayi ake ndiwo anamuphunzitsa ndi makina osokera, mpaka maso anawafooka. Pamaliro awo ndinafika patadutsa masiku awiri.

Kuyambira pamenepo mwanayo sanatchulenso mawu akuti bambo. Ndinasanduka "inu". Inu mwadya? Inu mukupita liti?

Chaka chimene mwendo wamanzere unanditupa ndinakagogoda pakhomo pake. Anali atakhala dokotala, osati wa jekeseni, koma wa maphunziro a malonda ndi ulimi. Mwamuna wake, mphunzitsi wa masamu, munthu wanthabwala, ndiye ananditsegulira n'kundipatsa kachipinda kosungiramo mabuku. Ndinkagona pakati pa makatoni, mutu uli pa malipoti a mitengo ya mbewu.

Mwendo utaphwa, n'kundisiyira kutsimphina, tsiku lina tikudya chamasana, Mafunso anakankhira mbale pambali.

"Inu, misika ya kumidzi mumaidziwa?"

"Palibe msika umene sunandithamangitsepo."

"Amenewo ndiye masatifiketi a apongozi," anatero mwamuna wake akuseka. Mafunso sanaseke.

Anandifotokozera kuti akufufuza chifukwa chimene alimi a nyemba amakhalirabe amphawi ngakhale akolole bwanji. Ankafuna kudziwa kumene mbewu imalowera pakati pa munda ndi msika. Anali ndi ophunzira asanu okafunsa mafunso m'midzi, koma onsewo anali ana a m'tauni, oti akaona mlimi amayamba ndi funso asanapereke moni.

"Mukawatsogolere. Inunso muzikafunsa nawo. Koma zoti pali chibale musanene, malamulo salola. M'mapepala mudzakhala Wofunsa Nambala 6." Anandiyang'ana m'maso. "Ndipo funso muzikaliwerenga mmene lalembedwera. Osachotsa, osawonjezera. Izi si nthano zanu zija."

3

Sabata yoyamba ndinapita ndekha kukayesa pepalalo. Linali ndi mafunso makumi atatu, ndipo la nambala 14 linali lalitali ngati pemphero la mkulu wa mpingo: "Mwa matumba amene munakolola chaka chino, ndi angati amene anawonongeka ndi anankafumbwe, makoswe, chinyezi kapena kuola asanagulitsidwe?" Pafupi pake panali kabokosi kolembedwa kuti Zotayika.

Ndinabwerako ndi mapepala makumi anayi. Mafunso anawaika patebulo la m'chipinda chodyera n'kuyamba kulowetsa manambala mu kompyuta. Ine ndinali pakhonde, ndikuchotsa zisoso m'masokosi. Ndinangomva mpando ukukhuluka.

Anatuluka ali ndi pepala m'manja. Nkhope yake inali ija ya kamtsikana kofunsa za lilime la sikelo.

"Anayi pa khumi? Mabuku onse amati limodzi, akachulutsa awiri. Ngati izi n'zoona, ndiye kuti anthu onsewa akhala akuyang'ana kolakwika." Anapuma. "Bambo, mukutsimikiza?"

Owerenga, zaka makumi awiri ndi zitatu ndisanamve mawu amenewo. Anandilowa ngati madzi ozizira pa tsiku la dzuwa.

"Ndikutsimikiza," ndinatero.

Madzulo amenewo anandiphikira tiyi ndi manja ake, wamkaka. Anafunsa za mwendo wanga. Anafunsanso ngati kope langa la nkhani likadalipo, ndipo ndinamuwerengera ya munthu amene anagula mbuzi yake yomwe kawiri. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Miyezi itatu yotsatira ndinayenda ndi ophunzira aja m'midzi makumi asanu. Mapepala onse anabwera akuyankhula chimodzimodzi: anayi pa khumi, asanu pa khumi, penanso asanu ndi limodzi.

4

Lipoti lake linayenda kuposa ine. Analiwerenga m'misonkhano ya m'mahotela. Anthu ovala masuti ankalitchula pa wailesi ngati vesi. Pa nthawiyo akuluakulu a zaulimi ankakangana: ena ankafuna kukonza misika ndi kuika masikelo oona kuti mlimi asamaberedwe, ena ankafuna nkhokwe. Lipoti la mwana wanga linathetsa mkanganowo. Nkhokwe zinapambana.

Tsiku limene anamukweza pantchito anandigulira jekete. Pa phwando la ku ofesi kwake anandikoka dzanja n'kundiimika pamaso pa Pulofesa, mkulu wa dipatimenti yawo.

"Awa ndi bambo anga," anatero. Za Nambala 6 sananene, koma ine zinandikwanira.

Nkhokwe zinamangidwa, n'kukhala zopanda kanthu chaka choyamba, chachiwirinso. Kenako kunabwera wofufuza wina, munthu wosakhulupirira pakamwa pa anthu. Iyeyo sanafunse mafunso. Anatenga sikelo ndi sefa, n'kumalowa m'nyumba za alimi, kuyeza thumba pokolola, kudzaliyezanso pogulitsa. Anapeza kuti zowonongeka sizikwana ngakhale thumba limodzi pa khumi. Analemba kuti alimi sataya mbewu, amataya mtengo, chifukwa amagulitsa zonse m'masabata atatu oyamba mbewu itadzaza pamsika.

Yunivesite inakhazikitsa komiti. Anthu anayamba kunena kuti dokotala uja anangopeka manambala kuti atchuke. Mafunso analeka kudya. Ankangokhala patebulo lija, mapepala mbwee, akuwatembenuza limodzilimodzi.

Loweruka lina m'mawa mpongozi wanga anandipeza ndikutsuka nsapato kuseri kwa nyumba. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Apongozi, ine masamu ndiye ntchito yanga. Manambala a mkazi wanga ndawawerengera katatu, mulibe cholakwa. Ngati masamu ali bwino, ndiye kuti chinalakwika ndi pakamwa. Funso nambala 14 munkalifunsa bwanji?"

"Mmene linalembedwera."

"Tandiuzani pamtima. Munalifunsa kambirimbiri."

Ndinatsegula pakamwa. Ine, munthu woloweza nkhani za anthu ndi mawu awo omwe, sindinathe kutchula ngakhale theka la funsolo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Komiti ikhala Lachiwiri. Pakhomo pake salipiritsa, mutha kukanena nokha."

Lolemba ndinapinda jekete ija bwinobwino, n'kuisiya pa katoni. Ndinanena kuti ndikukagula mafuta opaka mwendo. Ndinakwera basi yoyamba imene ndinaipeza, osafunsa kumene ikupita.

5

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira ngati galu pa mphika wotentha.

Funso lija ndinaliwerenga lonse kwa anthu atatu okha. Wachitatu anayamba kuwodzera ndisanafike pa makoswe. Ndiye kwa wachinayi ndinangoyang'ana mawu a pa kabokosi paja n'kufunsa kuti, "Munataya angati?"

Aliyense amene anakhalapo pamsika akudziwa zimene mlimi amatanthauza akati ndinataya. Sanena za nankafumbwe. Amanena za tsiku limene mwana anadwala, wavenda n'kubwera ndi sikelo yonama, iye n'kupereka matumba anayi pamtengo wa awiri. Mukamufunsa kuti munataya angati, amakuwerengerani onse amene anagulitsa mtima ukuwawa. Ophunzira a m'tauni aja akanatha kusokonezeka. Ine ayi. Ndakonza masikelo a mavenda zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ena mwa iwo ndinkawakonza kuti azinama. Mawu amenewo ndinkawadziwa ngati dzina langa.

Sabata yoyamba unali ulesi chabe. Ndinkati ndikafika ndikamuuza, tikakonza. Koma pakhonde paja anati bambo, ndipo ine ndinati ndikutsimikiza.

Choipitsitsa chinabwera pambuyo. Ndinadziwa kuti ophunzira aja akakawerenga funso lonse, manambala awo adzasiyana ndi anga, tiyi wamkaka n'kuthera pomwepo. Ndiye tsiku loyamba, tili m'galimoto, ndinawauza kuti: "Ana inu, funso 14 lija limagonetsa anthu. Adokotala avomera kuti tilifupikitse. Muzingoti, munataya angati?" Anandithokoza. Mmodzi mpaka analemba pachikhatho.

Zotsatira za komiti ndinazimvera pa wailesi ya m'shopu ya wometa, mtunda wa masiku awiri kuchokera kwawo. Ophunzira ananena kuti Wofunsa Nambala 6 anawauza zoti lamulo lofupikitsa funso lachokera kwa adokotala. Adokotala atafunsidwa anangoti kafukufuku anali wawo, ndipo cholakwa chilichonse n'chawo. Atafunsidwa za Wofunsa Nambala 6, anati anali munthu waganyu amene sakudziwa kumene ali. Anawachotsa ntchito, lipoti n'kulifafaniza.

Zaka zisanu ndakhala ndikudzitonthoza ndi bodza limodzi. Ndinkati, mwana wanga akuganiza kuti nkhalamba yosaphunzira inangosokoneza mawu mosadziwa. Munthu sakwiyira mbuli mpaka kalekale.

6

Tibwerere pa benchi paja. Basi inali isanabwerebe.

"Kanthu kanji kamene a wailesi sanakadziwe?" ndinafunsa mayi wa matumba uja.

"Ine nthawi imeneyo ndinkalima nyemba, ndisanatope nazo. Pakhomo panga panabwera mdala wina ndi mapepala. Wolongolola, wodziwa kuseketsa. Akuti, mayi, munataya angati? Ine ndikuti anayi. Ndikuona akulemba m'kabokosi. Ine kuwerenga ndimatha pang'ono, ndiye ndinati, achikulire, kutaya kumene ndikunena ine n'kugulitsa motchipa, sikuti zinaola ayi. Mukudziwa anandiyankha chiyani?"

Ndinkadziwa.

"Akuti, ndikudziwa mayi, koma kabokosi n'kamodzi." Anawomba m'manja kamodzi. "Ndiye patapita zaka, kutangotsala masiku kuti mlandu uja ukambidwe, ndikungoona galimoto yaima. Watsika mayi wophunzira uja, yekha, atawonda ngati bango. Ali ndi pepala langa lomwe lija. Akuti, amene anakufunsani anafunsa bwanji? Ndinamuuza zonse, ndi za kabokosi zomwe. Anajambula mawu anga pa foni. Ndinati, mwana wanga, kawamvetseni akuluakuluwo, mlanduwu si wanu. Anafunsa kuti mdalayo anali wotani. Ndinati wotsimphina mwendo wamanzere, ali ndi kope m'thumba la malaya."

"Ndiye anatani?"

"Anakhala pa mpando wanga mpaka nkhuku zinamuzolowera. Kenako anatulutsa foni ija, n'kufafaniza ine ndikuona. Ndinati, bwanji? Akuti, mdalayo wakalamba, ndipo ndangomupeza kumene."

Anayamba kupinda matumba ake. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana mwendo wanga wamanzere, kenako thumba la malaya anga.

"Basi yanu ndi iyo, achikulire. Kapena mwasintha ulendo?"

Ndinali nditasintha.

7

Mwana wanga ndi mwamuna wake ndinawapeza atasamukira m'nyumba yaing'ono kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Mpongozi wanga ndiye anatsegula. Tsitsi lake linali litayamba imvi.

"Mafuta opaka mwendo aja munawapeza, apongozi?"

Anapatuka pakhomo n'kuloza kuseri.

Mafunso anali m'shedi ya malata, atavala epuloni, akuyeza nyemba. Masiku ano amagwira ntchito ku kagulu ka alimi kamene kamasonkhanitsa mbewu n'kudikira mtengo. Pakhoma panali bolodi la mitengo ya pamsika yolembedwa ndi choko, m'zilembo zake zija zowongoka. Anandiona, n'kumaliza kaye kusoka thumba limene anali nalo.

"Mwadya?" anafunsa. Sanati inu, sanatinso bambo.

Ndinayankhula nditaima, chipewa chili m'manja. Ndinanena zonse zimene mwawerengazi, za m'galimoto zomwe. Sanandidule. Nditamaliza anakoka thumba lina n'kuliika pa sikelo.

"Sikelo iyi ikunama pang'ono," anatero. "Imadya alimi theka la kilo. Mungaione?"

Ndinagwada n'kuitsegula kunsi. Sipuling'i inali itatopa. Sikuluwu inandigwa kawiri. Ndili chogwada choncho ndinati, "Ntchito yako ija, mwana wanga. Dzina lako. Zaka zonse zimene amayi ako anasoka."

Anatola sikuluwu ija n'kundipatsa.

"Ndinataya, bambo," anatero.

Ndinayang'ana nkhope yake kuti ndione ngati akumwetulira. Anali atatembenuka kale, akulemba pa bolodi.

8

Owerenga, akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinasiya mawu awiri m'midzi makumi asanu, ndipo ananditsata mpaka pa benchi ya basi. Sindinabe kanthu. Sindinapeke nambala ngakhale imodzi, chilichonse chimene ndinalemba chinatuluka pakamwa pa mlimi. Komabe zinyumba zija zaima m'misewu, masikelo oona amene akanaikidwa m'misika sanaikidwe, ndipo mwana wanga amasoka matumba ndi singano ngati amayi ake. Ngati muli ndi mwana amene munamulakwira, musagule chikondi chake ndi chinthu cha iye mwini. Ine ndinagula kapu ya tiyi ndi moyo wake wonse, ndipo ndinkadziyesa wochenjera pa malonda.

Kalata yonena zonsezi ndinaitumiza kwa Pulofesa uja. Anandiyankha mizere iwiri, kuti iye anapuma ntchito ndipo nkhaniyo inatsekedwa. N'chifukwa chake ndailemba pano.

Tsopano kukayika kwanga, ndikunene poyera. Ndatolera nkhani za anthu zaka makumi anayi, ndipo ndikudziwa kuti wosimba aliyense amathira kamchere. Sindikudziwa ngati mayi wa matumba uja anaonadi foni ikufafanizidwa, kapena anangondizindikira mwendo n'kufuna kundibaya pamene pangawawe. Mwana wanga sanavomere, sanakanenso. Mwina anakhala chete chifukwa cha ine. Mwinanso anadziwa kuti kutchula Nambala 6 n'kuulula kuti analemba bambo ake ntchito mobisa, ndipo akanagwabe.

Ndipo mawu ake aja m'shedi sindikudziwa kabokosi kowaikamo. Kodi ankati ntchitoyo inangowonongeka, ngati thumba lolowa anankafumbwe? Kapena ankayankhula ngati mlimi, kuti anaipereka dala pamtengo wochepa chifukwa pakhomo panali wodwala?

Ndimakonza sikelo yake Lachisanu lililonse. Funsolo ndi lalifupi, ndipo nthawi ino ndikudziwa kulifunsa bwino. Sindinalifunsebe.